Mwana wa ku Mbulumbuzi adzakhala sipanala boyi mpaka liti?

Nyuzipepala ino ili ndi funso kwa Boma, kwa bungwe la TEVETA ndi kwa eni mafakitale a mu Blantyre ndi Limbe, ndipo tikupempha kuti atiyankhe poyera, osati m'mahotela a kunyanja kumene amakonda kukachitira misonkhano yawo. Funso lake ndi ili: kodi ndalama za msonkho wa maluso zimene olemba anthu ntchito amapereka chaka ndi chaka zimabwerera liti kwa munthu amene ali kale pa makina? Sitikunena za mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira kuti dzina lake lituluke pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sukulu ya ntchito zamanja. Iyeyo ali nawo omulankhulira. Tikunena za bambo kapena mayi amene watha zaka zisanu ndi ziwiri akupakira matumba, kupukuta girizi ndi kupatsira sipanala, amene makina a pakampani pake amawadziwa ngati momwe amadziwira ana ake, koma m'buku la malipiro adalembedwabe kuti ndi lebala.

Anthu otere ndi ambiri pa Mbulumbuzi. Aliyense amene amayenda pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba amapadziwa pamenepa, pakuti ndi pamene mabwana amaimitsa galimoto zawo kuti agule tomato, anyezi ndi kabichi, n'kumanenerera mtengo ngati kuti amayi ogulitsawo adachita kutola. Komatu pa Mbulumbuzi sipachokera ndiwo zamasamba zokha. Pamachokeranso anthu. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene anthu adathithikana kwambiri m'dziko muno, minda idagawidwagawidwa mpaka yatsala ngati mphasa, ndipo ku Limbe ndi pafupi, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi. Choncho mnyamata akalephera kupitiriza sukulu, njira yake ndi yodziwikiratu: akapeza kachipinda ku Kachere, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, ndipo m'mamawa uliwonse akaima pa geti la fakitale ku Maone, ku Makata kapena ku Chirimba kudikira kuti kapitawo amuloze chala.

Akamuloza, sukulu yake yayamba, koma ndi sukulu yopanda mphunzitsi, yopanda buku, yopanda mayeso. Amaphunzira poonerera. Chaka choyamba amasesa ndi kunyamula. Pofika chaka chachitatu amakhala atadziwa kuti lamba akamalira chonchi watsala pang'ono kuduka, mota ikamanunkha chonchi izimitsidwe msanga. Chaka chachisanu ndiye amene folomani amamuthamangira makina akaima pakati pa usiku. Koma funsani malipiro ake, mupeza kuti sadatalikirane ndi a mnzake amene walowa dzulo. Luso lake lilibe pepala, ndipo m'Malawi muno luso lopanda pepala ndi fodya wa pachala, ngwa mphepo. Kampani ikatseka kapena ikamuchotsa, amakayambiranso pa geti lina ngati mlendo.

Wina anganene kuti limenelo ndi tsoka la mwini wake. Ayi, ndi tsoka la tonsefe, chifukwa zimene munthu angaphunzire ndi maso okha zili ndi malire. Makina a masiku ano, odzaza mabotolo, oyenga mafuta ophikira, oumba mapulasitiki, ambiri amayendetsedwa ndi kakompyuta kotsekeredwa m'bokosi, ndipo kakompyutako kakakana, kumvetsera kulira kwa lamba sikuthandiza kanthu. Apo kampani imaitana katswiri wochokera ku Johannesburg, ku India kapena ku China, kumulipirira ndege ndi hotela, n'kumupatsa malipiro ake m'madola, m'dziko limene limavutika kupeza madola ogulira mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yoteroyo idalemera koposa. Pamene katswiriyo akudikira tikiti yake, makina ali duu, ndipo aganyu auzidwa kuti ayambe akapuma kunyumba, adzaitanidwa.

Tsono ndalama zothetsera vutoli zilipo, ndipo zakhala zikusonkhedwa kwa zaka zoposa 25. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA m'chaka cha 1999, ndipo lamulo limati olemba anthu ntchito azipereka msonkho wa maluso. Msonkhowu ndi kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito. Umachokera m'thumba la wolemba ntchito, sudulidwa ku malipiro a wantchito, ndipo masiku ano amatolera ndi a MRA. Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge munthu wolandira K126,000 pamwezi, malipiro otsikitsitsa amene Boma lidalengeza m'chaka cha 2025. Pa mutu wake kampani imapereka K1,260 mwezi uliwonse. Fakitale ya anthu 500 otere ndiye kuti ikupereka K630,000 pamwezi, K7,560,000 pachaka, tisanawerengere za mamanijala ndi maakawuntanti. Mukaphatikiza makampani a shuga, a tiyi, a fodya, a zakumwa ndi mabanki, mupeza kuti si ndalama zogulira mandasi.

Tisawanamizire a TEVETA kuti alibe ndondomeko. Ilipo njira yoti kampani yolipira msonkho wake ikaphunzitsa antchito, bungweli liibwezere gawo lina la ndalama zimene yagwiritsa ntchito. Iliponso njira yoti munthu amene adaphunzira ntchito pamanja ayesedwe n'kupatsidwa setifiketi ngakhale sadalowepo m'kalasi. Zonsezi n'zabwino papepala. Chimene ife tikufuna ndi kuona ntchito zimene amagwira anthu amene apindula. Ngati mwa ophunzitsidwa ndi ndalamazi ochuluka ndi a m'maofesi, aja amapita ku Mangochi kukaphunzira za utsogoleri n'kubwerako ndi alawansi ndi kachikwama kolembedwa dzina la msonkhano, ndiye kuti msonkhowu wasochera. A Malawi tikudziwana. Maphunziro m'dziko muno amatsata tayi, satsata ovolosi. Enafe tidalawako ku yunivesite, ndipo tidaona ndi maso momwe dziko lino limagwadira gauni n'kumanyoza sipanala.

Nyumba zophunzitsiramo nazo zilipo, ndipo boma la Chiradzulu lili ndi mwayi woposa maboma ambiri. Mu Malichi 2015 Pulezidenti Peter Mutharika adatsegulira pa Ngara ku Karonga ndondomeko ya makoleji a ntchito zamanja a m'madera, cholinga chili choti lililonse mwa maboma 28 likhale ndi koleji yake. Imodzi mwa makoleji oyambirira ili ku Mbombwe, mu Chiradzulu momwemu, ndipo imadziwika ndi dzina la Aida Chilembwe. Ku Mikolongwe kuli sukulu ya ntchito zamanja ya bungwe la DAPP. Kungodumpha malire kulowa m'boma la Zomba kuli Nasawa, ndipo m'tauni, pakhomo penipeni pa mafakitale, pali Soche Technical College. Munthu wa pa Mbulumbuzi wazunguliridwa ndi masukulu a luso mbali zonse. Chodabwitsa n'chakuti akangolowa pa geti la fakitale, masukulu onsewa amakhala ngati amuiwala.

Dzina la Aida Chilembwe lisatidutse ngati dzina la pa chikwangwani chabe. Mbusa John Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America, adakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe m'chaka cha 1900, ndipo m'dzina la mishoniyo, Providence Industrial Mission, muli mawu onena za ntchito zamanja. Timamukumbukira pa 15 Januwale chifukwa cha nkhondo ya 1915, nkhope yake tili nayo pa ndalama ya K2,000, koma timaiwala kuti zaka 15 nkhondoyo isanachitike munthuyu adazithera pa kuphunzitsa. Ankafuna munthu wakuda woumba njerwa zake, womanga tchalitchi chake, wolima khofi ndi thonje lake, wovala zosoka yekha. Mayi Aida pamodzi ndi Emma DeLany, mmishonale wakuda wochokera ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka. Tchalitchi cha njerwa chimene anthu a ku Mbombwe adamanga ndi manja awo chidali cholimba kotero kuti atsamunda pochigwetsa adachita kuchiphulitsa.

Ndipo kumbukirani amene ankalimbana naye. Kufupi ndi Mbulumbuzi, ku Magomero, kudali esiteti ya A. L. Bruce, kumene William Jervis Livingstone ankagwiritsa anthu thangata. Munthu ankapereka thukuta lake m'munda wa mzungu kuti aloledwe kumanga nyumba ndi kulima pa malo amene mzunguyo adadzitengera, ndipo pochoka sankatenga kanthu, ngakhale luso loti akadyere kwina. Timatchalitchi ta udzu ta mpingo wa Chilembwe, momwenso ana ankaphunziriramo, tinkaotchedwa pa esitetiyo. Eni malo ankadziwa kuti wantchito wophunzira amavuta kumunyenga. Sitikunena kuti mafakitale a lero ndi Magomero. Tikungoti munthu amene watha zaka khumi pa makina n'kuchokapo wopanda pepala lililonse, agogo ake akadamumvetsa asanamalize kulongosola.

Nanga makoleji athu akulephera pati kumufikira munthu ameneyu? Tiyambe ndi zimene amaphunzitsa. Pafupifupi paliponse mupeza zomangamanga, ukalipentala, utelala, kuwotcherera zitsulo, kulumikiza magetsi m'nyumba, mapaipi, kukonza njinga zamoto. Ndi ntchito zaulemu ndipo zadyetsa mabanja ambiri. Koma yendani pa Mbulumbuzi, pa Namadzi, pa Njuli, muwerenge anyamata owotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo, onse kulimbirana makasitomala omwewo, magetsi akazima onse n'kukhala pansi kumasewera bawo. Fakitale siifuna mafelemu. Imafuna munthu wodziwa kuyendetsa boila osaphulitsa anzake, woyeza chitsulo mpaka kagawo ka milimita, wowerenga chojambula cha injiniya, wokulunganso waya wa mota yopsa, wodziwa ukhondo umene umafunika pokonza chakudya cha anthu. Ndipo fakitale iliyonse imafuna zakezake. Za wopanga sopo si za woomba nsalu.

China ndi nthawi. Masukulu athu adapangidwira wachinyamata wopanda banja, woti akhale m'kalasi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa chaka kapena kuposerapo. Bambo wa ana atatu wogwira shifiti ya usiku sangasiye ntchito kuti akakhale pa desiki ku Mbombwe, kumenenso sikuli m'njira yake popita ku Limbe. Ambiri mwa anthu amenewa alibe MSCE, ena ngakhale JCE, choncho fomu yofunsira malo imawatsekera kunja asanalembe n'komwe dzina. Pamwamba pa izi, makina ophunzirira m'makoleji sangafanane ndi a m'fakitale, ndipo sitingayembekezere Boma kugulira koleji iliyonse makina odzazira mabotolo. Njira yanzeru ndi yoti mphunzitsi anyamuke apite kumene kuli makinawo.

Izi sitikulota. Anzathu ena adaziyamba kalekale, ndipo inu amene mudakhalako kunja m'zaka zija zothawa kwanu mwina mudaziona ndi maso. Ku America kuli makoleji a m'madera a zaka ziwiri, otsika mtengo, olandira mwana wongomaliza sekondale ngakhalenso mayi wa zaka 45. Zigawo za kummwera kwa dzikolo, zimene zidali zosauka ndi zodalira thonje ndi fodya ngati ife, zidagwiritsa ntchito makoleji amenewa ngati nyambo yokopera mafakitale. South Carolina idayamba m'chaka cha 1961, Georgia idatsatira m'chaka cha 1967 ndi ndondomeko yotchedwa Quick Start. Pamene kampani ya BMW idatsegula fakitale ya galimoto ku Spartanburg m'chaka cha 1994, ndiponso pamene Kia idatsegula yake ku West Point m'chaka cha 2009, antchito adaphunzitsidwa kudzera m'njira imeneyi, bilu ya maphunziro ili m'manja mwa boma la chigawocho.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Aphunzitsi amapita ku kampani, kuima pambali pa makina, kuona momwe ntchito iliyonse imagwiridwira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kufunsa mafolomani pamene anthu amalakwitsa kawirikawiri ndi pamene amavulalira. Akatero amalemba maphunziro a ntchito imeneyo, a masabata angapo, n'kumaphunzitsa pa nthawi yogwirizana ndi mashifiti. Ku Georgetown, m'chigawo cha Kentucky, kampani ya Toyota idapitirira pamenepa m'chaka cha 2010 pogwirizana ndi Bluegrass Community and Technical College. Wophunzira amagwira ntchito yolipidwa masiku atatu pa sabata, masiku awiri amakhala m'kalasi, ndipo pakatha pafupifupi zaka ziwiri amatuluka ndi pepala la koleji limene kampani ina iliyonse imalizindikira. Ajeremani akhala akuchita zofanana ndi izi kwa mibadwo.

Koma tisatengeke ndi zonyezimira. Walira mvula walira matope. Zigawo zomwezo za ku America zinkadzitsatsanso kwa makampani kuti kwawoko antchito ndi otchipa ndipo mabungwe a antchito alibe mphamvu, ndipo mpaka lero South Carolina ili m'gulu la zigawo zimene antchito olowa m'mabungwe ndi ochepetsetsa. Maphunziro osokedwa pa msinkhu wa kampani imodzi ali ndi msampha wake. Ngati munthu waphunzitsidwa kudina mabatani atatu a makina amodzi okha, ndiye kuti ndalama za dziko zamumangirira pa kampaniyo ngati mbuzi pa chikhomo. Kampani yapindula, iye sadasunthe.

Chifukwa chake ife tikuti mgwirizano uliwonse wa koleji ndi kampani ukhale ndi mfundo zosanyengerera. Setifiketi ikhale ya dziko, yotuluka m'dzina la wantchito, yoti akaisunge m'sutikesi mwake osati m'kabati ya bwana woona za antchito. Timaphunziro tifupitifupi timeneti tiziwerengedwa ndi kuunjikana, kuti amene wachita titatu kapena tinayi athe kukalemba mayeso a giredi yapamwamba osayambiranso pachiyambi. Maola ophunzira akhale maola a ntchito, olipidwa, pakuti munthu wotuluka shifiti ya maola 12 mukamukhazika m'kalasi mukungomubera tulo. Ndipo wopambana mayeso akwere giredi ndi malipiro, zolembedwa pasadakhale mgwirizano usanasainidwe. Popanda mfundo yomalizayi zina zonsezo ndi chipongwe.

Tikudziwa chimene eni makampani ayankhe, pakuti amachinena nthawi zonse: tikamuphunzitsa athawira kwa opikisana nafe, kapena akwera basi ya ku Joni. N'zoona, ena adzapita. Komatu msonkho wa maluso udakhazikitsidwira vuto lomwelo, kuti makampani onse asonkhe mumphika umodzi, wina asamaope kuphunzitsira mnzake. Amene wachoka kwa inu wapita kwa mnzanu amene nayenso adasonkha, ndipo mawa wa mnzanuyo abwera kwa inu. Ku South Africa kumene mukuopako nakonso olemba ntchito amapereka msonkho wotere wa 1 peresenti, ndipo makampani akumeneko sadagwe nawo. Za wothawira ku Joni, mankhwala ake mukuwadziwa mabwana. Munthu sasiya ana ake n'kukagona m'zisakasa za ku Diepsloot chifukwa chokonda ulendo.

Mfundo zimenezi sizidzadziteteza zokha. Pa tebulo lokambirana pakhale mpando wa antchito eni ake, kudzera m'mabungwe awo ndi MCTU, osati a ECAM, a MCCCI ndi akuluakulu a unduna okha. Enafe tidali tisanabadwe, koma owerenga athu achikulire akukumbukira Meyi 1992. Patangotha miyezi iwiri chiwerengereni kalata ya maepiskopi, ndiponso mwezi umodzi chimangireni Chakufwa Chihana, yemwenso adali mtsogoleri wa mabungwe a antchito, sitalaka imene idagwedeza mzinda wonse wa Blantyre idayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead. Anthu makumi angapo adaphedwa m'masiku amenewo. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idayenda pa njira imene anthu a maovolosi adathandiza kulambula ndi magazi awo. Andale adapeza mipando, atolankhanife tidapeza ufulu wolemba, amalonda adapeza misika. Fakitaleyo idagulitsidwa m'chaka cha 2003 n'kukhala Mapeto. Nanga wantchito wa pa makina adapeza chiyani?

Pali phunziro linanso la m'mbuyomu, lokhudza ndale. Boma la chipani chimodzi nalo linkaphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja kudzera mwa Apayoniya, ndipo Nasawa idali imodzi mwa misasa yawo. Ena adatulukamo ali amisiri enieni. Koma chifukwa luso lidamangidwa mtolo umodzi ndi chipani ndi mfuti, asilikali atawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, misasa yambiri idasanduka mabwinja, zabwino ndi zoipa zomwe kutayira kumodzi. Makoleji a m'madera asadzaone zomwezo. Boma lidasintha m'chaka cha 2020, lidasinthanso m'chaka cha 2025, ndipo a Mutharika amene adayambitsa makolejiwa adabwereranso pampando. Yesero lawo lidzakhala lomanga ena atsopano, kudula maliboni ndi kuvinitsa amayi. Ife tikuti koleji imene ili ndi mgwirizano wa zaka zisanu ndi fakitale komanso bungwe la antchito siigwa ndi chisankho, pakuti ili ndi eni ake ena kupatula chipani.

Nanga aphunzitsi achokera kuti? Funso ili ndi lenileni, chifukwa mphunzitsi amene adangochoka pa desiki n'kukaima pa bolodi osagwirako ntchito m'fakitale sangaphunzitse folomani. Iyeyo ayambe wakhala miyezi ingapo m'kati mwa fakitale, adetse manja. Koma tilinso ndi chuma chimene tikungochiyang'ana. M'midzi ya Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje muli madala amene adagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa njira ya TEBA isanatsekedwe m'chaka cha 1988, ena ku Wankie, ena ku migodi ya mkuwa ku Zambia. Muli achinyamata obwerako ku mafakitale a ku Durban ndi Germiston. Muli opuma ntchito a ku njanji, a ku Nchalo, a ku ESCOM. Ndipo pakati pa inu amene mudabwerera kumudzi riferendamu itadutsa padali mainjiniya ndi amisiri ophunzitsidwa ku maiko akutali. Dziko lidakulandirani ndi nyimbo pa bwalo la ndege koma silidakufunseni chimene mudabwera nacho m'mutu. Mwakalamba tsopano, ena adatsogola. Amene mulipo, koleji ikupatseni choko ndi kakontirakiti ka miyezi itatu ngakhale mulibe dipuloma ya uphunzitsi, ndipo inunso musadikire kuti mudzachite kugwadiridwa.

Tisaganizenso kuti makina ndi a mu Limbe mokha. Chiradzulu ndi boma la ng'ombe za mkaka, ndipo magulu a alimi amasonkhanitsa mkaka m'mathanki oziziritsira kudikira galimoto za makampani. Thanki ikafa tsiku limodzi, mkaka wa midzi ingapo wasasa. Zigayo zili paliponse. Tomato wa pa Mbulumbuzi amaolera m'madengu nthawi imene wachuluka, pamene m'mashopu a mu Blantyre muli mabotolo a tomato wochokera kunja, ndipo tsiku limene wina adzaike kafakitale kophika tomatoyo n'kumaika m'mabotolo, funso lake loyamba lidzakhala loti ndani ayendetse makina. Timakampani totere sitingadzaze kalasi patokhapatokha, koma khumi tikaphatikizana tingathe. Apa ndi pamene koleji ya Aida Chilembwe ingaposere Soche, chifukwa ili pakati pa anthuwo. Ndipo poti idatenga dzina la mayi, isamangoti amayi ku mashini osokera, abambo ku magetsi. M'mafakitale ambiri amayi ndiwo adadzaza mizere yosankha ndi kupakira katundu, ntchito zimene zimayamba kutha makina atsopano akafika.

Sitikunamiza munthu kuti maphunziro okha adzadzutsa mafakitale. Popanda magetsi odalirika, popanda ndalama zakunja zogulira zipangizo, chiwongoladzanja cha kubanki chili chothyola msana, ngakhale mmisiri wa giredi wani angokhala. Tidaona tonse momwe makina adaimira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Mafakitale amabweretsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a chuma cha dziko lino, chikhalirecho masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amawaika ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Koma mfundo yomweyi ikutithandiza ife. Poti ntchito ndi zochepa, n'kupanda nzeru kuthira ndalama zonse pokonzekeretsa anthu ntchito zimene kulibe, n'kusiya munthu amene ntchito ali nayo kale m'manja, amene luso lake lingayambe kubweza phindu Lolemba likudzali.

M'chaka cha 2021 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yokweza maluso yotchedwa SAVE, ndipo a European Union nawo akhala akuthandiza masukulu a ntchito zamanja. Choncho nyimbo yoti kulibe ndalama tisaimve. A TEVETA atulutse m'nyuzipepala, m'Chichewa chomveka, kuchuluka kwa msonkho umene adalandira chaka chatha, zingati zidabwerera kukaphunzitsa antchito a m'mafakitale, ndipo mwa ophunzitsidwawo angati adali a pa makina, angati adali amayi, angati adakwezedwa giredi. Aphungu a ku Chiradzulu akafunse funso lomweli m'Nyumba ya Malamulo, asamangopempha milatho ndi mijigo. A unduna asankhe mafakitale atatu a mu Limbe, awakhazike pansi ndi akuluakulu a Soche ndi a Aida Chilembwe pamodzi ndi nthumwi za antchito, ayambe ndi anthu 50 okha, aganyu akalekale patsogolo.

Pa 15 Januwale akuluakulu a Boma adzapitanso ku Mbombwe kukapemphera ndi kukayala nkhata za maluwa monga mwa mwambo. Koleji ili komweko. Tikupempha kuti akadzatha mapemphero adzalowe m'kalasi, adzatiwerengere mayina a malebala oyamba amene alandira mapepala awo. Mayinawo nyuzipepala ino idzawasindikiza ulere.